Mwachepetsa nsima, mukumwa chambiko, mukusala kudya, nde thupi layamba zachilendo? Onani apa kaye

Ndalemba izi chifukwa ndatopa kuyankha mafunso omwewomwewo pa foni. Ine ndimakhala kuno ku Dedza cha ku Bembeke, ndili ndi ng'ombe ziwiri za mkaka, nde azigogo amene amadzagula mkaka m'mawa amangoona ngati poti ndimakama ng'ombe ndiye kuti ndine dokotala. Si ine dokotala ayi. Kungoti ndakhala ndikuperekeza amayi anga ku kiliniki ya shuga ndi BP kwa zaka zambiri, pa benchi paja munthu umamva zinthu, komanso nanenso ndinachepetsako nsima mawondo atayamba kudandaula.

Nkhaniyi imayamba mofanana nthawi zonse. Mwana wa ku Joni kapena ku Lilongwe watumiza kavidiyo pa WhatsApp, akuti agogo asiye nsima, mbatatesi ndi shuga, azimwa mkaka wosachotsa mafuta, azidya mazira ndi nyama, kudya kukhale kawiri kapena kamodzi pa tsiku. Ena zimawayanjadi, shuga amatsika, mimba imaphwa, sindikutsutsa. Koma kavidiyoko sikadziwa kuti agogowo ali ndi zaka 72, amamwa mapilitsi atatu m'mawa uliwonse, ndipo ndiwo za pakhomopo ndi mpiru wofutsa basi. Mavuto ambiri amene ndawaona amachokera pawiri: kadyedwe mwasintha koma mankhwala ali pomwe paja, kapena nsima mwachotsa koma m'mbalemo simunaikemo china m'malo mwake. Pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri, kutsikira ku zosowa.

Izi musayesere za pakhomo, pezani kabaza kapena galimoto

- wakomoka, kapena akuyankhula zosagwirizana ngati waledzera pomwe sanamwe
- pakamwa papindika, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka
- chifuwa chikuwawa ngati aikapo mwala, akubanika
- akusanza osaleka, akupuma mozama komanso mofulumira, makamaka amene amabaya insulin
- chimbudzi chakuda ngati phula, kapena kusanza magazi
- tsiku lonse osakodza

1. Kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, njala yolusa

Ili ndi lomwe limandiopsa kuposa onse nde ndikhalapo pang'ono.

Zoyambitsa:

- Shuga watsikitsa chifukwa mwamwa mapilitsi a shuga otchedwa glibenclamide kapena mwabaya insulin koma simunadye, kapena mwadya ndiwo zokha. Mankhwalawa sadziwa kuti lero mwasala, amangogwira ntchito yawo.
- Mwapita kumunda kapena kudimba m'mimba mulibe kanthu, mankhwala mutamwa kale.
- Munamwa mowa madzulo osadya. Kachasu ndi masacheti ndiye osanena.
- Tiyi kapena khofi wowawa pa njala, uyu amangonjenjemeretsa koma shuga ali bwinobwino.

Yezani ngati muli ndi kamakina koyezera shuga. Pansi pa 4 ndi potsika, makina ena amawerenga ndi manambala akuluakulu, pamenepo ndi pansi pa 70. Ngati mulibe kamakina musadikire, tengani ngati ndi shuga basi. Sungunulani masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, olo theka la botolo la zoziziritsa kukhosi zotsekemera zija. Dikirani mphindi 15, ngati sizinasinthe bwerezani. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, phala, nthochi, mbatata, nsima imene, kusala kwa tsikulo kwathera pompo.

Amayi anga zinawachitikira mwezi wa January, mpingo uli pa kusala. M'mawa anamwa kapilitsi kawo mwa chizolowezi, ine ndili ku khola. Pobwera ndinawapeza akhala pa mpando wa ndalema, duku lili nyowee ndi thukuta chonsecho kunja kuli chifunga, akunditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Mlamu wanga anayamba kale kupemphera mokweza, akuti ndi mizimu. Ndinangothamangira pa shelefu, shuga m'kapu, supuni ikuchita kulira chifukwa manja anga nawonso amanjenjemera. Patangopita kanthawi anandiyang'ana n'kunena kuti iwe, ng'ombe wakama? Madzulo ake zinabwereranso, ndi pomwe ndinaphunzira kuti glibenclamide amakhalitsa m'thupi, makamaka kwa okalamba amene impso zawo zayamba kutopa. Choncho olo munthu atsitsimuke, tsiku lomwelo akaonedwe kuchipatala.

Wokomoka musamuthire madzi kapena tiyi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mupakeni kashuga kapena uchi pang'ono mkati mwa tsaya, n'kunyamuka.

Metformin, mankhwala ena a shuga, payekha sakonda kutsitsa shuga chonchi, koma mlingo wa mankhwala aliwonse asinthe ndi a kuchipatala, osati inu, osati mwana wa ku Joni uja.

2. Chizungulire mukaimirira, m'maso kuchita mdima

Zoyambitsa:

- Madzi achepa m'thupi. Mukachepetsa zakudya za sitachi thupi limataya madzi ndi mchere wambiri masiku oyambirira, mumakodza pafupipafupi. Kuno kumapiri mu June ndi July ludzu silimveka nkomwe, komanso agogo ambiri amapewa dala kumwa madzulo poopa kutuluka usiku kupita kuchimbudzi kuli chisanu.
- BP yatsika koma mapilitsi ndi omwe aja. Ka HCTZ kokodzetsa kaja, amlodipine, enalapril, onse akupitiriza kutsitsa pomwe thupi lapepuka kale.
- Shuga watsika, bwererani pa nambala 1.
- Magazi achepa.

Onani mkodzo, ukakhala wachikasu chodera ngati tiyi ndiye kuti madzi akuchepa. Imwani ofunda ngati ozizira akukukanikani, ambiri m'mawa ndi masana. Podzuka khalani kaye m'mphepete mwa bedi kapena pa mphasa, gwedezani mapazi, kenako imirirani mutagwira khoma. Pa msinkhu uwu kugwa kamodzi fupa la m'chiuno limathyoka, ndipo ambiri sabwereranso mwakale.

Ngati pali makina a BP pafupi yezani mutakhala, kenako mutaimirira. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ikakhala pansi pa 90, tengani buku lanu la kuchipatala mukawaonetse. Za pa intaneti zoti muzimwa madzi a mchere zija, munthu wa BP kapena wa mtima kapena wotupa miyendo asayerekeze. Bungwe la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, ndipo usipa wouma ndi timakyubu tothira mu ndiwo tili nawo kale wambiri.

Kusala kosamwa ndi madzi omwe, kuphiri masiku atatu, kwa munthu wokalamba ine ndimakana poyera olo abusa andikwiyire.

3. Mukamwa mkaka mimba ikuwira, mpweya, kutsegula

Zoyambitsa:

- Thupi silikugaya shuga wa mumkaka wotchedwa lakitozi. Anthu akuluakulu ambiri kuno ku Africa tili choncho, si matenda ayi. Zimayamba pakapita theka la ola mpaka maola awiri.
- Mwamwa wambiri nthawi imodzi m'mimba muli mbee, pomasula kusala.
- Mkaka wosawiritsa, kapena chigubu chosatsuka bwino.
- Mafuta achuluka mwadzidzidzi, batala, kirimu, nyama yonona zonse tsiku limodzi.
- Metformin womwera pa njala, nayenso amatsegula m'mimba.

Siyani mkaka masiku atatu muone. Zikasiya, bwererani ndi theka la kapu pamodzi ndi chakudya, osati pawokha. Kapena sinthani mupite ku chambiko, chifukwa mkaka ukasasa lakitozi wina amakhala wadyedwa kale ndi tizilombo tabwino tija. Angoni a ku Ntcheu ndi kwa Kachindamoto amasi, chambiko chomwechi, anawadziwa kalekale vidiyo kulibe. Yogati wosathira shuga nayenso ali bho.

Koma pulizi, ndikunena monga mwini ng'ombe: wiritsani mkaka kaye, uzizire, kenako muusasitse pothiramo kachambiko kakale koyera. Mkaka wauwisi umatha kunyamula TB ya ng'ombe ndi matenda ena otchedwa brucellosis, amene amapatsa kutentha thupi kobwerabwera ndi kuphwanya mafupa mpaka munthu kumangomwa mankhwala a malungo osachira. Ng'ombe yooneka yonenepa bwino si umboni woti ilibe kanthu. Kusasa kokha sikupha tizilombo tonse.

Pitani kuchipatala ngati kutsegulako kwapitirira masiku awiri, muli magazi, kapena thupi latentha. Panjira muzimwa Thanzi ORS.

4. Kudzimbidwa

Ili ndiye pafupifupi aliyense, kungoti amachita manyazi, amayamba ndi kufunsa za mitengo ya mkaka kenako n'kunong'ona.

Zoyambitsa:

- Mwasiya mgaiwa, nyemba ndi zipatso nthawi imodzi, gaga amene amakankha chimbudzi wasowa. Mazira, mkaka ndi nyama zilibe gaga olo pang'ono.
- Madzi ochepa.
- Kukhala pansi tsiku lonse kuwothera dzuwa.
- Mapilitsi ena, monga owonjezera magazi.

Kuchepetsa sitachi sikutanthauza kusiya masamba. Theka la mbale likhale nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu, kabichi, therere, kholowa, zomwe pa Lizulu ndi pa Tsangano zimachita kutayika. Tenderani ndi nsinjiro. Peyala limodzi pa tsiku nyengo yake limathandiza kwambiri. Nyemba musazithawe zonse, chikho chimodzi chaching'ono sichingakupheni. Ndipo ngati zavuta bwezerani mtanda umodzi waung'ono wa mgaiwa, kuchoka pa mitanda inayi kufika pa umodzi ndi kuchepetsa kale kumeneko.

Kuchipatala: sabata yatha osachita, mimba yatupa ndipo mukusanza, mukuona magazi, kapena kachitidwe kasintha kwa masabata angapo kwinaku mukuwonda. Mankhwala azitsamba otsuka m'mimba a m'mabotolo aja asiyeni, amangomaliza timadzi totsala.

5. Mutu, ulesi, kukokana kwa miyendo usiku

Sabata yoyamba zimachitika, kawirikawiri ndi madzi ndi mchere zomwe zatayika, kapena mwasiya tiyi mwadzidzidzi. Nthawi zambiri zimatha pa masiku ochepa. Imwani madzi, idyani masamba ndi mtedza, musadule zonse tsiku limodzi. Zikapitirira masabata awiri, kapena mtima ukudumphadumpha, kayezetseni. Fungo la m'kamwa ngati zipatso zowola limabweranso mukadula sitachi kwambiri, kwa munthu wopanda shuga ndi zongosowetsa mtendere anzanu mu minibasi, koma kwa wobaya insulin amene akusanzanso ndi za changu.

6. Mukuwonda koma mphamvu zikuthanso

Apa anthu amasangalala molakwika. Sikelo yatsika, ana akuwomba m'manja pa gulu la banja, koma agogo akulephera kudzuka pa mpando osagwira mawondo, ndowa ya madzi yomwe ankasenza ikuwakanika, ntchafu zatsala chikopa. Chomwe chapita pamenepo ndi minofu, osati mafuta okha, ndipo munthu ukakula minofu siibwerera msanga.

Zoyambitsa:

- Zakudya zomanga thupi zachepa. Nsima yachoka, m'mbale mwatsala masamba okha.
- Kusala kwatalika, kudya kamodzi pa tsiku. Mimba ya munthu wamkulu singalandire zonse zofunika pa kudya kumodzi.
- Mano. Nyama ndi mtedza wokazinga sizikutafunika nde amangosiya osanena.
- Shuga wakwera kwambiri, thupi likudzidya lokha. Mudzaona ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse.
- Matenda ena obisala, TB, HIV, khansa.

Akatswiri a za okalamba amati munthu wopitirira zaka 65 amafunika pafupifupi galamu imodzi ya mapuloteni, zomanga thupi zija, kapena kuposerapo pang'ono pa kilo iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Wa makilo 60 ndiye kuti magalamu 60 kapena 70. Dzira limodzi lili ndi 6, kapu ya mkaka ili ndi 8, nde werengani nokha muone kuti mazira awiri ndi kapu imodzi simunafike ndi theka lomwe. Onjezerani usipa, matemba, soya, nyemba, nandolo, chiponde, nkhuku ikapezeka. Usipa wosinja kuthira mu ndiwo umathandiza amene mano anatha. Mtedza wachuku tayani, musausinje kuti usaoneke. Wa matenda a impso afunse kaye kuchipatala asanachulukitse zimenezi.

Kusalako kufupikitseni. Kudya mgonero 6 koloko madzulo n'kudzadyanso 7 koloko m'mawa ndi maola 13 kale amenewo, kwa agogo ambiri n'zokwanira, palibe chifukwa chopikisana ndi anyamata a ku jimu.

Kuyesa kwapafupi: khalani pa mpando, pindani manja pachifuwa, imirirani ndi kukhala kasanu. Ngati mwezi watha mumatha koma pano zikukanika, siyani kusala. Ndipo ngati mukuwonda musakufuna, mukutsokomola kupitirira masabata awiri kapena kutuluka thukuta usiku, musanamizire dayeti, kayezetseni.

7. Nsima ndinasiya koma shuga sakutsika

Ndikafunsa kuti nanga mukudya chani, yankho limandiseketsa nthawi zina.

- Mbatatesi. Kuno ndi kwawo kwa kachewere nde munthu amasiya nsima n'kumadya mbale yodzaza ya mbatatesi, kapena tchipisi cha pa chiwaya. Ndi sitachi yemweyo. Chinangwa, mbatata ya kholowa, mpunga, buledi, sikono, chimodzimodzi.
- Zakumwa. Thobwa, maheu, juwisi, tiyi wa masupuni atatu. Uchi nawonso ndi shuga, musanamizidwe.
- Mkaka wochuluka. Kapu imodzi ili ndi shuga wake wachilengedwe pafupifupi magalamu 12, ngati masupuni ang'onoang'ono atatu. Lita yonse ndi makapu anayi, nde onani. Abambo ena amagula malita awiri kwa ine tsiku lililonse ndimaganiza kuti ndi a banja lonse, pomwe akumwa okha.
- Zooneka ngati mkaka. Ufa woyera wothira mu tiyi wotchipa uja wambiri si mkaka, ndi mafuta a zomera osakaniza ndi shuga wa glucose, werengani pa paketi. Mkaka wa m'chitini wonata uja ndi shuga wokhawokha, yogati wa sitiroberi chimodzimodzi.
- Mwasiya mankhwala nokha poganiza kuti dayeti yakwana.
- Muli ndi matenda ena m'thupi, bala, chikhodzodzo, dzino, malungo. Amakweza shuga.

Kuyeza kwa m'mawa kokha nthawi zina kumasokoneza chifukwa mbandakucha chiwindi chimatulutsa shuga pachokha olo musanadye. Lembani manambala m'kope, wa m'mawa ndi wa maola awiri mutadya, kwa sabata, mukawaonetse ku kiliniki. Kamakina kakalemba HI, kapena manambala akungokhala kumtunda kwa 15 uku mukufooka ndi ludzu, musadikire tsiku lanu la sikelo ya shuga, pitani lero.

8. Chilungulira, kuwotcha kapena kupweteka m'mimba

- Mapilitsi a ululu pa njala. Brufen, diclofenac, indocid, aspirin, omwe agogo a nyamakazi amagula pa okala ngati maswiti. Amakanda m'mimba ndipo amavulaza impso, makamaka madzi akachepa m'thupi.
- Kumasula kusala ndi chimbale chachikulu chamafuta kenako n'kugona.
- Zilonda za m'mimba zakale zadzuka.
- Miyala ya mu ndulu. Ululu wake umakhala kumanja pansi pa nthiti, umabwera mukadya zonona, nthawi zina umafika kuphewa. Kuwonda mofulumira kumathandizira miyalayi kupangika.

Masulani ndi kanthu kopepuka, dikirani pang'ono, kenako idyani bwino, ndipo papite maola awiri kapena atatu musanagone. Wa zilonda za m'mimba kusala si kwake. Maso akachita chikasu, thupi kutentha, ululu osaleka, kuchipatala. Komanso kwa munthu wa shuga matenda a mtima amatha kubwera ngati chilungulira wamba, nde chikabwera ndi thukuta ndi kubanika musamwe soda, nyamukani.

9. Chala chachikulu cha kuphazi chatupa, chafiira, olo bulangete kuchikhudza mukukuwa

Kawirikawiri ndi gauti, mtundu wina wa nyamakazi. Kusala ndi kuchepa kwa madzi zimaiputa, kuphatikizapo zam'kati, chiwindi, nyama yambiri, nsomba zing'onozing'ono zochuluka, mowa, ndi ka HCTZ kaja. Mkaka suyambitsa gauti. Lekani kusala, imwani madzi, kaonaneni ndi adokotala. Koma ngati muli ndi shuga ndipo phazi latupa kapena pali bala, musaganize za gauti nokha, phazi la munthu wa shuga silichedwa kuwola.

10. Mwadwala muli pakati pa kusala

Kusala kuime mpaka muchire, palibe zokambirana. LA wa malungo amafuna chakudya cha mafuta kuti alowe bwino m'magazi, apa ndiye kapu ya mkaka wosachotsa mafuta kapena phala la nsinjiro zimagwira ntchito yeniyeni. Koma ciprofloxacin ndi doxycycline ndi zosiyana, mkaka ndi chambiko zimawatchinga, siyanitsani ndi maola awiri kapena kuposa. Amene ali pa ma ARV nthawi yomwera isasinthe chifukwa cha kusala.

Amene asayambe n'komwe asanakambe ndi a kuchipatala

- obaya insulin ndi omwa glibenclamide
- a impso, a mtima, amene anachitapo sitiroko
- owonda kale, oiwalaiwala, ogona okha m'nyumba
- amene ali pa mankhwala a TB kapena angochitidwa opaleshoni

Vuto lopanda chizindikiro

Mafuta a m'magazi, kolesitolo, samveka kuwawa. Anthu ena akachulukitsa batala, kirimu ndi nyama yonona amakwera kwambiri, ena sasintha kwenikweni, ndipo simungadziwe poyang'ana pa galasi. Kapu imodzi kapena awiri a mkaka kapena chambiko pa tsiku ndi nkhani ina, kuthira batala mu khofi ngati mmene amachitira m'mavidiyo muja ndi nkhani inanso. Ngati munadwalapo mtima kapena sitiroko, mafuta anu ambiri achokere ku mtedza, mapeyala ndi nsomba. Funsani ku chipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu komwe mungayezetse, kamodzi musanayambe, kenanso pakapita miyezi itatu.

Popita kumeneko nyamulani buku la kuchipatala, mapaketi onse a mankhwala ndi azitsamba omwe, ndi kope lija la manambala. Ndipo mukanene zoona kuti ndikudya kamodzi pa tsiku, nsima ndinasiya mwezi watha. Amayi anga ulendo woyamba anakabisa, atafunsidwa ngati akudya bwino anangoti eee adokotala, ine ndili kumbuyo kwawo ndikupukusa mutu mpaka adokotalawo anaseka n'kutembenuza mpando kuyamba kufunsa ine.